Khasu ndi Buku Lopatulika m'Manja mwa Agogo a Chigwirizano

Aliyense wotsegula mabuku a mbiri ya mpingo wa Nkhoma amapeza mayina a amuna atandandalikidwa bwino, kuyambira amishoni A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene adamanga misasa yawo pa Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, kufikira Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, abusa oyamba a kuno kwathu mu mpingowu, amene adadzozedwa mu 1925. Ndipo n'koyenera kuti mayinawo akumbukike, pakuti eni ake adagwira ntchito yotamandika. Koma alipo munthu wina amene mabukuwo amangomulambalala, chonsecho ndiye adasunga Mawu a Mulungu m'midzi ya ku Dowa, Dedza, Lilongwe ndi Ntchisi pa nthawi imene mbusa ankafika kamodzikamodzi ndipo mphunzitsi ankasamutsidwa. Munthuyo ndi mayi wa kumudzi, mlimi wa chimanga ndi mtedza, amene adakula nakhala gogo wa adzukulu ambiri, osagwirapo udindo uliwonse wolembedwa m'kaundula wa sinodi.

Kuti timvetse mphamvu yake, tiyenera kukumbukira kuti pakati pa Achewa mudzi ndi wa mkazi. Mwamuna ankabwera kudzakhala chikamwini, namanga nyumba pa malo a apongozi ake, nalima munda umene mkazi adapatsidwa ndi amayi ake; ana ankawerengedwa ku mbumba ya kuchikazi, ndipo wowayang'anira pa milandu adali malume awo. Amishoni aja, pochokera ku South Africa kumene bambo ndiye mwini banja ndi munda womwe, sadakondwere nawo mwambowu, ndipo adalimbikitsa Akhristu kuti mwamuna akhale mutu wa nyumba yake, atenge ngakhale mkazi kunka naye kwawo pa chitengwa. Komabe mwambo wa makolo sudagwe msanga, ndipo m'midzi yambiri zidachitika kuti mkazi akatembenuka mtima, chikhulupiriro chinkazika mizu pa malo amene sadzachokapo, pakati pa ana ndi adzukulu amene sadzalandidwa. Mkamwini ankatha kuthamangitsidwa, kapena kuchoka yekha, koma mkaziyo ankatsala pomwepo ndi nkhokwe zake ndi nyimbo zake.

Kutembenuka kumeneko sikudali kopepuka, ndipo tingawalakwire amayiwo tikamayesa kuti adangolowa m'tchalitchi monga alowera munthu pa msika. Wofuna ubatizo ankayamba walowa kalasi, naphunzira katekisima nthawi yaitali, akulu a mpingo akupenyetsetsa mayendedwe ake. Ankayenera kuleka kupita ku bwalo la gule wamkulu, kumene alongo ake ndi atsibweni ake ankalemekezerako akufa, ndipo koposa zonse ankayenera kukaniza mwana wake wamkazi chinamwali cha makolo. Apa ndiye padagona nkhondo yeniyeni, chifukwa mtsikana wosavinidwa ankayesedwa mwana ngakhale atabereka, sankaloledwa kuyandikira pamene akazi anzake akuchira, ndipo anamkungwi ankamunena kuti sadziwa mwambo. Mpingo utaona kuti kuletsa kokha sikukwanira, udakhazikitsa chilangizo, kuti amayi okhwima m'chikhulupiriro, otchedwa alangizi, azilangiza mtsikana akatha msinkhu, akamalowa m'banja, ndiponso akakhala ndi pakati poyamba. Motero ntchito ya namkungwi idavala chovala china, nigwera m'manja mwa amayi omwewa, amene adasankha okha, mwakachetechete, zimene adayenera kusunga za makolo ndi zimene adayenera kutaya. Ine ndiyesa kuti palibe msonkhano wa abusa umene udaweruza nkhani yovuta yoposa imeneyi.

Lamulo loletsa mowa nalo lidakhudza munda weniweniwo. Kale munthu akachulukidwa ndi ntchito yopalira ankafulula mowa, naitana anansi ku dima, popeza mutu umodzi susenza denga. Koma mayi wa mpingo akadafulula, akadadulidwa ku Mgonero wa Ambuye, chimene chidali chamanyazi chachikulu. Choncho ankaphika thobwa, alimi ena nabwera, ena nakana, ndipo chotsalacho ankamaliza yekha ndi ana ake. Adatayanso njira imene akazi anzake ankapezera tindalama ta mchere ndi sopo, ndipo adalolera kutero.

Tsiku lake linkayamba tambala woyamba akalira. Ankapita ku chitsime ndi mtsuko pa nkhata, nasesa pabwalo, natenga khasu dzuwa lisanatuluke. Pobwera ku munda ankasenza mtolo wa nkhuni, nathyola nkhwani kapena chisoso cha ndiwo. Zigayo zisanafike m'midzi, ufa woyera unkafuna masiku angapo: kukonola chimanga mu mtondo, kupeta ndi lichero, kuviika mphale, kutsuka, kusinja, kusefa, ndi kuyanika pa mphasa akuingitsa nkhuku. M'nyengo ya dzinja ankafutsa masamba a nyemba ndi a khobwe, nawasunga m'zikwatu kuti chilimwe chikafika ana asadye nsima yosusa. Fodya atafika m'chigwa cha Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, pamene A.F. Barron adayamba kugawa mbewu kwa alimi kuchokera ku Mbabzi, ntchito ya mayi idawonjezeka, pakuti kuthirira nazale ndi kusoka fodya m'chigafa zidamugwera, pamene ndalama za pa msika kawirikawiri zinkalowa m'thumba la mwamuna. Tsiku la Sabata lokha ndilo khasu linkagona, ndipo ufa ndi nkhuni za tsikulo ankakonzeratu Loweruka, chifukwa kusinja pa tsiku la Ambuye kudali kuchimwa poyera, pakuti mtondo sutha kubisa mawu ake.

Ndiye padabwera chinthu chimene chidakhuthula amuna m'midzi. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda lidaika m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalama zidali kutali, ku Halale ndi ku Joni. Anyamata ankalembetsa ku Wenela kapena ku Mthandizi, mabungwe otengera anthu ku ntchito kunja, ena nayenda okha pansi, nasiya akazi ali ndi makanda ku msana. Ena ankabwera ndi njinga ndi mabulangete, ena ankatumiza kalata chaka choyamba chokha, ndipo ena adasanduka matchona osadzaonekanso. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a kuno oposa 70, koma pofika nthawiyo mibadwo itatu ya akazi idali itaphunzira kale kufolera denga, kumanga nkhokwe ndi kulera ana popanda bambo. Mkazi wa mpingo adali pa mayesero owirikiza, popeza sakadatha kukwatiwanso mwachisawawa monga anzake, kufikira bwalo la mpingo litamva nkhani yake. Ndipo ambiri adadikira zaka, akupempherera munthu amene mwina adali atakwatira kale ku Bulawayo.

M'masiku amenewo Buku Lopatulika, limene W.H. Murray ndi anzake adamaliza kumasulira ndipo lidatuluka mu 1922, lidasanduka chuma cha m'nyumba. Amayi ambiri adaphunzira kuwerenga ku sukulu za m'midzi, kapena ku nyumba zolereramo atsikana monga imene Martha Murray adayambitsa pa Mvera, ndipo cholinga chawo chidali chimodzi, kuti adziwerengere okha Mawu. Ngakhale amene sadadziwe chilembo n'chimodzi chomwe ankasunga pamtima Masalmo ndi nyimbo zambirimbiri, kotero kuti mwana wa sukulu akaphonya powerenga, agogo osaona bwinowo ankamukonza ali gone pa mphasa.

Mu 1940 amayi a mpingo wa Nkhoma adapatsidwa bungwe lawo la Chigwirizano, monga anzawo a sinodi ya Blantyre ali ndi Mvano ndipo a Livingstonia ali ndi Umanyano. Kwa zaka zambiri mkazi sankaloledwa kukhala mkulu wa mpingo kapena kukwera pa gome, monga Isabel Apawo Phiri adafotokozera m'buku lake la 1997 lonena za akazi a Chichewa mu mpingowu. Ndipo chimenechi chidali chosalungama, pakuti odzaza mabenchi, opereka za masika ndi ozira tchalitchi adali iwo omwewo. Koma m'Chigwirizano adapeza gome lawolawo. Atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, ankalalikirana, nayendera odwala ndi mtsuko wa madzi ndi kambale ka ufa, nabweza ofooka amene adaleka kupemphera. Ndipo maliro akagwa, ndi iwo ankagona m'siwa usiku wonse akuimba, kuti wofedwa asakhale yekha ndi mantha ake. Dorika wa ku Yopa, wa m'Buku Lopatulika, adali ndi abale ake ambiri ku Kongwe, ku Mlanda ndi ku Malingunde.

Ukalamba sudawabweretsere mpumulo umene adauyembekeza. Mwa mwambo, nyumba ya agogo ndiyo kuka, kumene atsikana ankagona ndi kumva nthano ndi malangizo amene mayi wobereka sangathe kuuza mwana wake. Ndipo agogo a mpingo adasakaniza nthano za Kalulu ndi mbiri ya Yosefe ndi ya Rute, natseka ndi pemphero, monga Loisi adachitira ndi mdzukulu wake Timoteo. Koma kuyambira 1985, pamene matenda a Edzi adadziwika m'dziko muno, kuka kudadzaza ndi ana amene sadabwere kudzacheza. Amayi amene adayenera kulandira chithandizo kwa ana awo a ku tauni adalandira mabokosi a maliro, natsala ndi adzukulu oti awadyetse. Ndipo iwo amene mawondo adali atayamba kale kukana adatolanso khasu, nakulitsa munda. Njala ya 2002 idawapeza ali ndi pakamwa pambiri ndi nkhokwe zopanda kanthu, ndipo ena adayenda mitunda kufuna ganyu wolipidwa madeya. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, koma kwa mabanja ambiri adafika mbadwo wapakati utatha kale.

Ana amene adaleredwa m'nyumba zimenezo lero ndi aphunzitsi, anamwino, ogulitsa pa msika wa Lilongwe, ena ndi abusa, ndipo ambiri mwa iwo dzina limene amalemba pofunsidwa za wowalera ndi la agogo awo akuchikazi. Akazi otere adakalipo m'midzi ya Nkhoma ndi Mvera, ngakhale akutha chaka ndi chaka, ndipo zimene akudziwa za chilangizo choyamba, za amuna a ku Joni ndi za m'mene nyimbo zinkaimbidwira kale sizidalembedwe mokwanira. Mipingo ili ndi makaundula a ubatizo ndi a maukwati, ndipo achinyamata ali ndi mafoni otha kujambula mawu. Ntchito yotsala ndi yoti wina apite kukagwada pa khonde, aombe m'manja, ndi kupempha agogowo kuti afotokoze kuyambira pachiyambi, dzina la amayi awo, la mlangizi wawo, ndi la munda umene adalima.