Agonia ndi Thangata

Mau nawonso amasintha nkhope, abale anga. Tengani liu la Chigiriki chakale lakuti agonia. Tsinde lake ndi agon, kutanthauza mpikisano kapena bwalo lochitirapo mpikisanowo. Pa malamulo a chiyankhulo chao, agon ndi dzina lachimuna, pomwe agonia ndi lachikazi, lopangidwa pophatikiza -ia kumapeto. Poyamba linkanena za kulimbana kwa amuna ogwetsana pabwalo. Kenaka linayamba kunena za nthumanzi yogwira munthu mpikisano usanayambe, mpaka linafika potanthauza kuwawidwa mtima koopsa. M'Chipangano Chatsopano limapezeka kamodzi kokha, pa Luka 22:44, pamene Yesu ankapemphera usiku umene anagwidwa.

Ine liuli limandikumbutsa lathu lija, thangata. Kalekale kuthangata kunali kuthandizana kumunda, mtsuko wa mowa uli pambali. Koma azungu atalanda malo kuno ku Thyolo, liu lomwelo linasanduka dzina la ntchito yokakamiza, yolipirira malo amene munthu wamangapo nyumba pa esiteti. Kafunseni agogo kwa Changata, makamaka Alomwe amene makolo ao anachokera ku Mozambique, akuuzani mmene munda wa mwini unkamerera thengo iye akulima wa bwana.

Komatu sanangokhala n'kumalira. Mu 1953 anthu a ku Thyolo anaukira atsamunda, ndipo mu 1962 lamulo linathetsa thangata. N'chifukwa chake ine ndimati masautso ao anali agonia yeniyeni, ululu wa munthu amene akadali pabwalo, sanagonje.