Kusiyana kwa ma smartwatch pa mtengo, batire ndi sikirini

Smartwatch ndi wotchi yovala pamkono yomwe mkati mwake muli kakompyuta kakang'ono. Kuwonjezera pa kusonyeza nthawi, imalandira mauthenga ochokera pa foni kudzera pa Bluetooth, imawerenga masitepe amene munthu waponda, imayeza kugunda kwa mtima, ndipo mawotchi ambiri otere ali ndi GPS yoyezera mtunda. Ogula komanso akatswiri oyesa zipangizo amakonda kuyerekezera mawotchiwa pa zinthu zitatu: mtengo, nthawi imene batire limasunga moto, ndi ubwino wa sikirini. Zitatuzi n'zolumikizana, koma osati mmene anthu ambiri amaganizira. Sikirini ikakhala yowala ndi yokongola kwambiri, batire limatha msanga, ndipo kukwera mtengo kwa wotchi sikutanthauza kuti batire lake likhalitsa. Pali mawotchi a madola 400 ofunika kutchaja tsiku lililonse, pomwe ena osafika madola 100 amatha mwezi wathunthu.

Mbiri ya vutoli

Kulimbana kwa sikirini ndi batire kunayamba ma smartwatch asanabwere. Mu 1972 kampani ya Hamilton ya ku United States inatulutsa Pulsar P1, wotchi yagolide yosonyeza nthawi ndi manambala ofiira a LED, pa mtengo wa madola 2,100. Manambalawo ankadya moto wambiri moti sankayaka nthawi zonse, ndipo munthu ankadina batani kuti aone nthawi. Patapita zaka zochepa, masikirini a LCD, omwe satulutsa kuwala paokha, analanda msika. Casio F-91W ya mu 1989, yomwe ikugulitsidwabe mpaka lero, imatha zaka pafupifupi 7 ndi kabatire kamodzi.

Ma smartwatch amakono anatulukira m'njira ziwiri zosiyana. Yoyamba inali ya Pebble, kampani ya Eric Migicovsky, yomwe mu 2012 inasonkhanitsa madola oposa 10 miliyoni pa Kickstarter kuchokera kwa anthu pafupifupi 69,000. Wotchi yake inali ya madola 150, sikirini yake inkaonetsa zoyera ndi zakuda zokha, ndipo batire lake linkatha pafupifupi sabata. Njira yachiwiri inali ya makampani opanga mafoni. Samsung Galaxy Gear ya mu 2013, ya madola 299, inali ndi sikirini yamitundu yowala ngati ya foni, koma inkafuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse. Apple Watch inayamba kugulitsidwa pa 24 April 2015, ndipo kampaniyo inalonjeza maola 18. Mawotchi ambiri a masiku ano akutsatirabe imodzi mwa njira ziwirizi.

Mitundu ya sikirini

Sikirini yofala pa mawotchi odula ndi ya OLED, imene makampani ena amaitcha AMOLED. Pa sikirini imeneyi kadontho kalikonse ka chithunzi kamatulutsa kuwala kwakekwake, ndipo pamene pali pakuda kadonthoko kamakhala kozima. N'chifukwa chake mitundu imaoneka yochititsa kaso, zilembo zing'onozing'ono zimawerengeka bwino, ndipo mapulogalamu a pa mawotchiwa amakonda kuika zolemba pamalo akuda kuti asawononge moto. Vuto lake limaoneka padzuwa. Kuti iwerengeke masana, sikiriniyo imayenera kupikisana ndi dzuwa, ndiye kuti imadya moto wochuluka pa nthawi yomweyo imene munthu ali panja.

Kuwala kwa sikirini amakuyeza mu ma nit. Apple Watch yoyamba inkafika ma nit 450, Series 2 ya mu 2016 inafika 1,000, Series 9 ya mu 2023 inafika 2,000, ndipo Ultra 2 ya chaka chomwecho inafika 3,000. Samsung Galaxy Watch Ultra ya mu 2024 nayonso imafika 3,000. Manambalawa ndi a kuwala kwapamwamba kumene wotchi imafika padzuwa loswa mtengo. M'nyumba kapena usiku imadzichepetsera yokha, choncho munthu amene amagwira ntchito mu ofesi sangaone kusiyana kwenikweni pakati pa 1,000 ndi 3,000.

Mtundu wachiwiri ndi MIP, womwe ndi LCD yobweza kuwala ngati mmene pepala limachitira. Kadontho kalikonse kamasunga chimene kakuonetsa, ndipo moto wambiri umagwira ntchito pokhapokha chithunzi chikusintha. Sikirini yotere siizima, ndipo dzuwa likamawomba kwambiri m'pamenenso imaoneka bwino. Koma m'nyumba imaoneka yofuwirira, mitundu yake ndi yochepa, nthawi zambiri 64 yokha, ndipo mumdima imafuna kuyatsa kanyale ka mkati. Makampani opanga mawotchi a othamanga ndi okwera mapiri, monga Garmin, Coros ndi Polar, anaidalira kwa zaka zambiri. Wogula akaziona zonse ziwiri m'sitolo momwe mukuyaka magetsi, pafupifupi nthawi zonse amakopeka ndi AMOLED, chifukwa m'sitolo ndi malo amene MIP imaoneka moipa kuposa kwina kulikonse.

Mawotchi otsika mtengo kwambiri amagwiritsa ntchito LCD wamba yokhala ndi nyale kumbuyo. Imeneyi siiwala ngati AMOLED ndipo siisunga moto ngati MIP. Ubwino wake ndi mtengo basi.

Chitsanzo cha Fenix 7 ndi Epix

Kuyerekezera mawotchi a makampani osiyana kumavuta chifukwa amasiyana pa zambiri nthawi imodzi. Koma mu January 2022 Garmin inatulutsa mawotchi awiri amene amathandiza kuona mphamvu ya sikirini payokha. Fenix 7 ndi Epix ya m'badwo wachiwiri zonse zinali za mamilimita 47, zinali ndi mapulogalamu ofanana, ndipo masikirini ake anali a mainchesi 1.3. Fenix 7 inali ndi MIP ya timadontho 260 m'litali ndi 260 m'lifupi. Epix inali ndi AMOLED ya timadontho 416 mbali zonse ziwiri.

Malinga ndi Garmin, Fenix 7 inkatha masiku 18 sikirini yake ikuoneka nthawi zonse. Epix inkatha masiku 16 ngati sikirini izima n'kumayaka pokhapokha munthu akatembenuza mkono, koma masiku 6 okha ngati ikhala chiyakire. Mtengo woyambira wa Fenix 7 unali madola 699, wa Epix 899. Ndiye kuti wogula amene anawonjezera madola 200 anapeza chithunzi chosalala kwambiri, koma akafuna kuti nthawi izioneka osagwedeza mkono, batire lake linkatha m'gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi imene la mnzake linkatha.

Zimenezi zinabwerezedwanso mu 2025 pamene Garmin inatulutsa Fenix 8 Pro yokhala ndi sikirini ya mtundu watsopano wa microLED. Imafika ma nit 4,500 ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 2,000, koma batire lake limatha masiku 10, kuchepera kwambiri pa inzake ya AMOLED ya kukula komweko, yomwenso ndi yotsikirapo mtengo.

Batire

Batire la wotchi ndi laling'ono chifukwa malo ndi ochepa. La Apple Watch yoyamba ya mamilimita 38 linali la 205 mAh, la Apple Watch Ultra ndi la 542 mAh, la Galaxy Watch Ultra ndi la 590 mAh, pomwe mafoni ambiri masiku ano ali ndi mabatire a 4,000 mpaka 5,000 mAh. Kusiyana kwa kukula kwa mabatire a mawotchi si kwakukulu kwenikweni, koma kusiyana kwa masiku amene amakhala n'kwakukulu zedi. Choncho chofunika kwambiri si kukula kwa batire koma zimene zikulidya.

Kupatula sikirini, chinthu china chodya moto ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa wotchi. Ya Apple, yotchedwa watchOS, ndi ya Google, yotchedwa Wear OS, zimalola kuika mapulogalamu a makampani ena, kuyankha mauthenga, kulipira m'masitolo ndi kulankhula ndi wotchi. Zonsezi zimafuna purosesa yamphamvu. Kupatula mawotchi a Ultra, Apple inakhala pa maola 18 kuyambira 2015 mpaka Series 10 ya mu 2024, ndipo Series 11 ya mu 2025 ndi imene inafika maola 24. Pa zaka khumi zimenezo mphamvu imene inkapulumutsidwa inkathera pa zinthu zatsopano, monga sikirini yosazima ya Series 5 mu 2019, yomwe inatheka chifukwa sikiriniyo imachepetsa kusintha chithunzi kuchoka pa maulendo 60 pa sekondi kufika pa ulendo umodzi. Galaxy Watch 6 ya mu 2023 inalonjeza maola 40 sikirini ikamazima ndi maola 30 ikakhala chiyakire.

Makampani ena anasankha pulogalamu yopepuka yochita zinthu zochepa. Huawei Watch GT ya mu 2018 inali ndi AMOLED koma inkatha masabata awiri, chifukwa sinkalola mapulogalamu a makampani ena. Amazfit Bip, yomwe inkagulitsidwa pansi pa madola 100, inaphatikiza pulogalamu yopepuka ndi sikirini yobweza kuwala ndipo inkafika masiku 30. OnePlus Watch 2 ya mu 2024 inayesa kugwira zonse ziwiri poika mapurosesa awiri, wamphamvu woyendetsa Wear OS ndi wina wosadya moto wogwira ntchito zing'onozing'ono, ndipo inafika maola 100. Garmin Instinct 2 Solar ya mu 2022 ili ndi sola pagalasi lake, ndipo kampaniyo imati batire silitha ngati wotchiyo iwombedwa ndi dzuwa lamphamvu maola atatu tsiku lililonse, pokhapokha GPS isakugwira ntchito.

Manambala a makampani sayenera kuyerekezeredwa mwachisawawa, chifukwa kampani iliyonse imayesa m'njira yake. Maola 18 a Apple Watch yoyamba anawerengedwa poganiza kuti munthu ayang'ana nthawi maulendo 90, alandira mauthenga 90, agwiritsa ntchito mapulogalamu kwa mphindi 45 ndi kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 30 akumvera nyimbo. Makampani ena amatchula masiku amene wotchi imakhala sikirini ili yozima ndiponso zoyezera zina atazitseka. GPS ndiyo imasintha zinthu kwambiri: Fenix 7 ya masiku 18 ija imatha maola 57 GPS ikayatsidwa.

Nkhani ya batire imakhudzanso ntchito ya wotchiyo. Wotchi yofuna kutchaja tsiku lililonse nthawi zambiri imatchajidwa usiku, pomwe usiku womwewo ndi umene imayenera kuyeza mmene munthu wagonera. Kumalo kumene magetsi amazimazima, kapena kumene anthu amalipira kuti atchaje foni, wotchi ya masabata awiri ndi yothandiza kuposa ya tsiku limodzi ngakhale itakhala yosakongola.

Mtengo

Mtengo wa smartwatch umadalira kwambiri zipangizo zimene anapangira kunja kwake, zoyezera zaumoyo, ndi dzina la kampani. Apple Watch yoyamba inayambira pa madola 349, koma ya golide inkayambira pa 10,000 mpaka kufika 17,000, pomwe mkati mwake munali purosesa ndi batire zofanana ndi za yotsika mtengoyo. Galasi la sapphire, lomwe silikandika wamba, ndi chitsulo cha titanium zimakweza mtengo popanda kuwonjezera ngakhale ola limodzi pa batire.

Mu 2024 mitengo yoyambira ku United States inali motere: Apple Watch SE madola 249, Galaxy Watch 7 madola 299, Apple Watch Series 10 madola 399, Galaxy Watch Ultra madola 649, Apple Watch Ultra 2 madola 799, ndipo Garmin Fenix 8 madola 999. M'mayiko ena misonkho ndi zolipira potumiza katundu zimakweza mitengoyi. Palinso ndalama zosaoneka pa bokosi. Apple Watch imagwira ntchito ndi iPhone yokha, ndipo mawotchi a Samsung kuyambira Galaxy Watch 4 ya mu 2021 amagwira ndi mafoni a Android okha, pomwe a Garmin, Amazfit ndi Huawei amalumikizana ndi mitundu yonse iwiri. Wotchi yotha kuimba foni payokha imakhala yodulirapo ndipo imafuna kulipira kampani ya mafoni mwezi uliwonse.

Kumunsi kwa msika kuli mawotchi a makampani monga Xiaomi ndi Oraimo, ya gulu la Transsion lomwe limapanganso mafoni a Tecno ndi itel, ofala m'mayiko ambiri a mu Africa. Palinso mawotchi opanda dzina lodziwika otengera maonekedwe a Apple Watch, amene pa bokosi amalemba zinthu zimene sangachite. Mu February 2024 bungwe la FDA la ku United States linachenjeza anthu kuti asadalire wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga wa m'magazi popanda kubaya khungu, ndipo linati silinavomereze chipangizo chilichonse chotere. Kwa munthu wodwala shuga, nambala yolakwika ingamuchititse kumwa mankhwala osayenera.

Batire la wotchi limakalambanso. Apple imati batire la wotchi yake linapangidwa kuti lizisungabe 80 peresenti ya mphamvu yake likatchajidwa modzaza maulendo 1,000. Wotchi yotchaja tsiku lililonse imafika pamenepo m'zaka pafupifupi zitatu, pomwe yotchaja kawiri pa mwezi singafikepo m'moyo wake wonse. Mawotchi ambiri anamatidwa ndi guluu kuti madzi asalowe, choncho kusintha batire n'kovuta, ndipo wokonza akatsegula wotchiyo nthawi zambiri siitetezekanso kumadzi ngati poyamba.