Mapiko Odulidwa ndi Kope la Chipepeso

Pali mabungwe ena amene amabadwa ntchito ikatha. Anthu amene adagwirira limodzi, atachotsedwa kapena atapuma, amakana kubalalika. Amasankha wapampando ndi msungichuma nayamba kumasonkhana ngati kuti belu la kuntchito likadalirabe. M'nkhani ino ndifuna kulondola mbiri ya mabungwe otere pakati pa akazi amene kale ankatumikira apaulendo m'ndege, aja timawatcha ma air hostess. Ine kwathu ndi ku Masambanjati m'boma la Thyolo, kumene ndege timangoiona ili kadontho kumwamba, ndipo wina angafunse kuti mwana wa m'minda ya tiyi za m'ndege zamukhudza pati. Mundilole ndiyambire kutali, kumudzi tifikako.

Akazi adayamba ntchito imeneyi ku America pa 15 Meyi 1930, pamene namwino wina dzina lake Ellen Church adakwera ndege ya kampani ya Boeing Air Transport, imene pambuyo pake idasanduka mbali ya United Air Lines. Iye ndi anzake asanu ndi awiri adalembedwa popeza anthu masiku amenewo ankaopa ndege, ndipo eni kampani adaona kuti mwamuna sangaonetse mantha pamaso pa mtsikana amene akuyenda mosatekeseka, kapu ya khofi ili m'manja. Komatu malamulo ake adali okhwima. Mtsikana ankayenera kukhala namwino, wochepa thupi, wosapitirira zaka 25, ndiponso wosakwatiwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, lamulo la unamwino lidachotsedwa chifukwa anamwino ankafunika kunkhondo, koma la ukwati lidatsala. Tsiku limene mtsikana wavala mphete, ntchito yathera pompo. Mu 1953 kampani ya American Airlines idaonjezapo lina, lakuti wofika zaka 32 azipita kwawo.

Kotero chaka ndi chaka atsikana ambirimbiri ankatsika m'ndege mphamvu akadali nazo, ntchito akuifunabe. Mu 1941 ena a ku United adayambitsa kalabu naitcha Clipped Wings, kutanthauza mapiko odulidwa. Mu 1952 anzawo a ku American Airlines adayambitsa Kiwi Club. Kiwi ndi mbalame ya ku New Zealand imene siuluka. Maina amenewa ndi nthabwala, koma ndi nthabwala ya munthu amene chamupweteka. A kampani ya Eastern Air Lines adadzitcha Silverliners, ndipo mu 1959 a kampani yotchuka ija ya Pan American adakhazikitsa World Wings International.

Poyamba cholinga chidali kucheza basi. Ankakumana pa chakudya, kulemberana timakalata ta nkhani, kuzondana podwala, ndi kuchita msonkhano waukulu kumene ena ankavalanso yunifolomu zawo zakale. Pasadapite nthawi macheza aja adabala ntchito zachifundo. A Clipped Wings adasankha kuthandiza anthu a ulumali wa ubongo, ndipo adadzakhala abwenzi a masewera a Special Olympics, amene adayamba ku Chicago mu 1968. A Silverliners adadziwika ndi mwambo wa pa Khirisimasi: ankatenga ana odwala matenda aakulu nkuwakweza m'ndege, ndegeyo nkungoyendayenda pabwalo, kenaka anawo nkutsikira m'chipinda chokongoletsedwa mmene mphatso zinkawadikira. A World Wings adagwirizana ndi bungwe la CARE, lomwe lija timaona galimoto zake m'midzi ya kuno ku Malawi. Ndalama ankazipeza pochita maphwando, pogulitsa zinthu, ndi posonkha okha.

Pano wophunzira mbiri ayenera kuchenjera, pakuti chifundo chimakopa maso. Makalabu amenewa sindiwo adagwetsa lamulo limene lidawabala. Nkhondo imeneyo adamenya ndi ena: bungwe la apantchito limene Ada Brown ndi anzake adayambitsa ku United mu 1945, lamulo la boma la America la mu 1964 loletsa tsankho pantchito, ndi akazi onga Mary Sprogis, amene adachotsedwa mu 1966 chifukwa chokwatiwa, natengera kampani kukhoti mpaka adapambana mu 1971. Chimene makalabu adachita ndi china. Eastern Air Lines idagwa mu Januwale 1991, Pan American idatsatira pa 4 Disembala chaka chomwecho, koma Silverliners ndi World Wings sadafe nawo. Kampani itaikidwa m'manda, amene adasunga dzina lake ndi aja idawawerengera zaka ndi kuwayeza pasikelo. Mapepala a World Wings adalandiridwa m'laibulale ya University of Miami, ndipo wofufuza angathe kuwawerenga.

Tsono tibwere kwathu. Nafenso tidali ndi kampani yathu ya ndege. Air Malawi idayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, imene idakhazikitsidwa mu 1946, ndipo idaima payokha mu 1967. Kuyambira mu 1974 mpaka mu 1979 ndege yake yaikulu ya mtundu wa VC10 inkanyamuka pa Chileka kupita ku London. Ngongole zitachuluka, kampaniyo idatsekedwa mu 2013, ndipo mu 2014 Malawian Airlines idayamba kuuluka, boma lathu litagwirizana ndi Ethiopian Airlines. Mbiri imeneyi ikamakambidwa timamva za mitundu ya ndege ndi kukula kwa ngongole. Ana aakazi a Malawi amene adanyamula mbale m'ndegezo kwa zaka pafupifupi 50, nayankha mwaulemu apaulendo amwano, satchulidwa kawirikawiri.

Kumidzi ngati kwathu ndege idadziwika kudzera njira ina, ya Wenela. Amuna opita kumigodi ya ku Joni ankanyamulidwa pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupitiriza pa sitima. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inkabweza anthu kumudzi idagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 adafa. Dr Banda adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Ulendo udatsekukanso mu 1977, nuthera mu 1988. Amuna amenewa nawonso adapanga mabungwe a anthu amene kale adagwirira limodzi. Koma misonkhano yawo siikhala ya maphwando. Akakumana, nkhani imakhala ya ndalama zimene adasiya ku Joni ndi ya chifuwa chimene adabwera nacho.

Nanga m'minda ya tiyi? Tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, nafika ku Thyolo mu 1908. Ambiri mwa amene adaswa mphanje adali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene adakhala pa malo a azungu polipira thangata, mpaka lamulo la mu 1962 lidathetsa mchitidwewo. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula. Chilimwe chikafika, ntchito yothyola imachepa ndipo ambiri amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Mtsikana wa ku America mapiko ake ankadulidwa kamodzi. Mayi wothyola tiyi amadulidwa chaka ndi chaka.

Agogo anga aakazi adathyola tiyi pa esiteti ina kufikira msana udakana dengu. Iwo ndi amayi ena amene ankaima nawo pamzere wa sikelo sadasiyane. Gulu lawo lilibe dzina, lilibe chidindo, ndipo ena ndi a Dorika, ena a Mvano, ena Akatolika. Chowamanga pamodzi ndi mizere ya tiyi imene adayendamo mame ali m'chiuno. Maliro akagwa kwa mmodzi, amayamba ndiwo kufika pasiwa, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi mbale ya ufa. Mnzawo akagonekedwa ku Malamulo, amasinthana kupita ndi phala. Mwezi ukatha amachita chiperegani, ndipo ndalama imeneyo yafolerapo nyumba ndi kulipirira adzukulu sukulu. Pamene matenda a chisaka adaononga nthochi zimene Masambanjati ankatchuka nazo, zopereka zidachepa, koma kusonkhana sikudaleke. Zonsezi zimalembedwa m'kope la mwana wa sukulu: dzina, tsiku, ndi chimene munthu wapereka. Kupatsa nkuika, amatero akuluakulu, ndipo kope lija ndilo nkhokwe yake.

Poyerekeza magulu atatuwa ndikuona kuti bungwe la anthu amene ntchito idawathera limaonetsa chimene ntchitoyo idawasiyira. Akazi a m'ndege a ku America idawasiyira maphunziro, kudziwana ndi anthu, ndi kangachepe kotsala m'thumba; nchifukwa chake chifundo chawo chidatha kuoloka nyanja. Amuna a kumigodi idawasiyira matenda ndi ngongole yosabwezedwa. Nchifukwa chake amasonkhana kuti alondole zawo. Amayi a tiyi idawasiyira anzawo okha basi, ndipo chifundo chawo chimazungulira pakati pawo pomwe, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Onsewa akuchita chinthu chimodzi: akukana kuti kalata ya bwana ndiyo ilamule tsiku lothetsa chibale.

Kusiyana kwina nkwakuti ena mapepala awo ali m'laibulale, pamene kope la agogo likadzaza limathera kukulungira fodya kapena kudyedwa ndi chiswe. Pa ichi mlandu uli pa ife, ophunzira ndi aphunzitsi athu omwe. Timadziwa chaka chimene tiyi adafika ku Thyolo chifukwa eni minda ankalemba. Sitingayembekeze kuti iwo omwewo atilembere za amene ankathyola. Amayi amene adatumikira mu VC10 ija, amene akadali moyo, tsopano ndi agogo. Amuna a Wenela akutha mmodzimmodzi. Tchuthi chikubwerachi aliyense wa ife apite ndi cholembera kwa wachikulire mmodzi wa kwawo amene adapuma ntchito, akamufunse kuti anzake a pantchito ali kuti, amakumana liti, ndipo amathandizana bwanji. Ngati pali kope, apemphe mwaulemu kulikopera lisadanyowe ndi mvula ya chaka chino.