Amene anapulumutsa bandulo yanu: mbiri ya JPEG

Anzanga, mukaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp n'kuona chafika nthawi yomweyo, bandulo osatha, mumadziwa kuti mukudyerera thukuta la ndani?

Chithunzi cha mufoni ndi timadontho ting'onoting'ono tamitundumitundu. Kamera ya 12 megapixel imagwira timadontho 12 miliyoni, ndipo titati tisungidwe tonse momwe tilili, chithunzi chimodzi chingadye pafupifupi 36 MB. Ndiye tangoganizani zaka za m'ma 1990, pomwe floppy disk imodzi inkangonyamula 1.44 MB basi.

Mankhwala a vutoli anayamba kupezeka mu 1972. A Nasir Ahmed, obadwira ku Bangalore m'dziko la India, ankaphunzitsa pa Kansas State University ku America. Iwo anaganiza masamu olekanitsa zofunika kwambiri m'chithunzi ndi zosafunika kwenikweni. Atapempha ndalama zofufuzira, anawakaniza, ati nzeruyo ndi yophweka kwambiri. Akuluwa sanagwe ulesi. Anapitiriza pamodzi ndi anzawo awiri, a T. Natarajan ndi a K. R. Rao, ndipo mu January 1974 anasindikiza njira yotchedwa DCT.

Mu 1986 akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana anapanga gulu la Joint Photographic Experts Group. Gululi linatenga masamu aja, ndipo mu 1992 linatulutsa JPEG. Ka .jpg kamene mumakaona kumapeto kwa dzina la chithunzi kaja, gwero lake ndi limeneli.

Imagwira ntchito chonchi: imadula chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 mulitali, 8 mulifupi. Diso lanu limaona msanga kuwala ndi mdima, koma mtundu ukasintha pang'ono silizindikira. Ndiye JPEG imataya zambiri zomwe diso silingazisowe, moti 36 MB ija imatha kutsika kufika pa 3 kapena 4 MB. Mapulogalamu okonzera zithunzi monga Photoshop, yomwe inatuluka mu 1990, ndi GIMP yaulere ya mu 1996, anadzapereka mphamvuyi kwa munthu wamba. Mukamatsitsa nambala ya quality, ndinu amene mukulamula kuchuluka kwa zotayidwa.

Koma apa mvetsetsani, madzi akatayika saoleka. Zomwe JPEG yataya sizibwereranso. Mukakonza chithunzi n'kusunganso, china chimatayika. Wina akachita screenshot n'kuponya pa Facebook, chinanso chapita. N'chifukwa chake zithunzi zina zimafika nkhope zili mabokosi okhaokha, osadziwika kuti uyu ndani.

Choncho zithunzi za kalabu yathu, kaya za mpira, kaya za tsiku losesa pamsika, musamachepetse chenichenicho. Kopani kaye, muchepetse chokoperacho. Potumiza kwa mlembi kuti asunge, tumizani ngati document kuti WhatsApp isachifinye. Zaka 20 zikubwerazi ana anu adzafuna kuona nkhope yanu muli wachinyamata. Asadzapeze mabokosi.