Chiboliboli si chidole

Wina wafunsa: tiasilikali timene anthu a ku Ulaya amatipaka penti n'kumaseweretsa patebulo, poyerekezera nkhondo ya Napoleon ya mu 1812 m'chisanu cha ku Russia, ndi tiziboliboli kodi? Ayi, timeneto ndi tizidole. Mawu akuti chidole tinabwereka ku Chingerezi, doll, ndipo amatanthauza choseweretsa, kaya chapulasitiki kaya chadongo chimene mwana waumba. Chiboliboli n'chosema pamtengo, chokongoletsera nyumba.

Kuti muone kusiyana kwake, kafikeni kunyanja ku Chembe. Mukapeza anyamata akusalaza timvuu ndi tiasodzi tam'bwato, kenako n'kutipaka polishi wa nsapato kuti tide ngati phingo, alendo akopeke. Mukangoti, "Achimwene, chidolechi n'zingati?" mwanyoza mmisiri, ndipo musayembekezere kuti akutsitsirani mtengo.