Kuwonjezera zaka za lizi ya fulati ku England ndi Wales

Kuwonjezera zaka za lizi ya fulati ndi njira imene munthu amene anagula fulati ku England kapena ku Wales amatalikitsira nthawi yake yokhala mwini wa nyumbayo. M'mayiko awiriwa mafulati ambiri amagulitsidwa pa lizi. Wogula amakhala ndi fulatiyo kwa zaka zimene zinalembedwa m'pangano, kawirikawiri 99, 125 kapena 999, pamene malo ndi chinyumba chonse zimakhalabe za mwinimalo. Zakazo zikatha, fulati imabwerera kwa mwinimalo ngakhale kuti wogula analipira ndalama zonse.

Zaka za lizi siziyambiranso fulati ikagulitsidwa. Amene wagula fulati ya lizi ya zaka 99 imene inayamba mu 1985 amalandira zaka zotsala zokha. Zaka zikamachepa mtengo wa fulati umatsika, ndipo mabanki ambiri amakana kubwereketsa ndalama zogulira fulati ya lizi yaifupi, choncho mwini wake amavutika kupeza wogula.

Lamulo la 1993

Ufulu wokakamiza mwinimalo kuwonjezera zaka unabwera ndi lamulo lotchedwa Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act 1993. Lamuloli limalola mwini lizi kuwonjezera zaka 90 pamwamba pa zimene zatsala, moti lizi imene yatsala ndi zaka 70 imakhala ya zaka 160. Lendi ya malo imene amalipira chaka ndi chaka imathetsedwa n'kusanduka imene maloya a kumeneko amaitcha lendi ya njere imodzi ya tsabola, kutanthauza kuti palibe ndalama yolipira. Ufuluwu umakhudza lizi imene poyamba inaperekedwa kwa zaka zoposa 21.

Eni malo akuluakulu a mu London sanakondwe nalo lamuloli. Gerald Grosvenor, Duke wa Westminster, amene banja lake lili ndi malo ambiri ku Mayfair ndi ku Belgravia, anatuluka m'chipani cha Conservative mu 1993 chifukwa cha nkhani yomweyi.

Kachitidwe kake

Mwini lizi amapeza katswiri woyesa mtengo wa nyumba komanso loya, kenako amatumizira mwinimalo chikalata chimene chimatchedwa Section 42, momwe amatchulamo ndalama zimene akufuna kulipira. Mwinimalo amapatsidwa miyezi yosachepera iwiri kuti ayankhe, ndipo angathe kuitanitsa chikole cha magawo 10 pa 100 a ndalama zotchulidwazo, kapena mapaundi 250 ngati chikolecho chikuchepera pamenepo. Akalephera kugwirizana, nkhani imapita ku bwalo lotchedwa First-tier Tribunal ku England kapena Leasehold Valuation Tribunal ku Wales. Apa ndi pamene pamafunika kusamala masiku. Dandaulo liyenera kukafika kubwalo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pamene mwinimalo anayankha. Nthawiyi ikadutsa, pempholo limaonedwa ngati lachotsedwa, mwini lizi amadikira miyezi 12 asanapemphenso, ndipo zimene mwinimalo anawononga pa maloya amalipirabe ndi iyeyo. Zonse zikatheka, lizi yatsopano imalembetsedwa ku HM Land Registry.

Anthu ena amangokambirana ndi mwinimalo osadzera m'lamulo la 1993. Njirayi imatha kufulumira, koma mwinimalo sakakamizidwa kupereka zaka 90 ndipo angathe kusintha maganizo nthawi iliyonse asanasaine.

Mtengo ndi malire a zaka 80

Ndalama zimene mwinimalo amalandira zimabwezera zinthu ziwiri: lendi ya malo imene sadzalandiranso, ndi zaka zina 90 zimene adikire fulati isanabwerere kwa iye. Pa mlandu wa Cadogan ndi Sportelli mu 2007, khoti la apilo linavomereza kuti powerengera mtengo wa lero wa fulati yodzabwezedwa m'tsogolo azigwiritsa ntchito magawo 5 pa 100 pachaka.

Lizi ikatsala ndi zaka 80 kapena zocheperapo pamabwera ndalama yachitatu, yotchedwa marriage value. Ili ndi phindu limene limaoneka lizi ikatalikitsidwa, ndipo lamulo la 2002 linakhazikitsa kuti mwinimalo azitenga theka lake. Mwachitsanzo, fulati ya lizi yaifupi itakhala ya mapaundi 200,000, gawo la mwinimalo n'kukhala 15,000, zonse pamodzi ndi 215,000. Ngati fulatiyo ikwera kufika pa 240,000 zaka zitawonjezedwa, phindu ndi 25,000. Mwinimalo amalandira theka, 12,500, kuphatikiza 15,000 ija. N'chifukwa chake kuchedwa ndi miyezi yochepa chabe, lizi n'kutsika kuchoka pa zaka 81 kufika pa 80, kumawonongetsa ndalama zambiri.

Kusintha kwa 2024

Pa 24 Meyi 2024 kunavomerezedwa lamulo la Leasehold and Freehold Reform Act. Limati zaka zowonjezera zikhale 990 m'malo mwa 90, ndipo marriage value ithetsedwe. Mbali ziwirizi sizinayambe kugwira ntchito nthawi yomweyo chifukwa zimafuna malamulo ena ofotokoza kawerengedwe ka mtengo. Imene inayamba msanga ndi yokhudza kudikira: kale wogula ankayenera kukhala mwini fulati kwa zaka ziwiri asanatumize chikalata cha Section 42, koma kuyambira pa 31 Januwale 2025 lamulo la zaka ziwirili linachotsedwa.