Mawu a Polisi: Kuchokera ku Thambani Kufika pa Poly

Ndimakhala ku Manja, m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo ndimaphunzira pa MUBAS, sukulu imene ambiri timaitchulabe kuti Poly. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri lathuli, ndinaona apolisi ndi asilikali ali m'matope mpaka m'mawondo, akufukula mitembo pamodzi ndi ife anthu wamba. Anagwira ntchito yoti sindingaiwale. Koma madzulo ena wailesi ikuwerenga chiwerengero cha omwalira chochokera kupolisi, agogo anga anapukusa mutu n'kunena kuti: "Za apolisi, mdzukulu wanga, umamvera khutu limodzi." Zinandiwawa, chifukwa anthuwo ndinali nditawaona ndi maso anga akuvutikira ife. Ndinafuna kudziwa kumene kukayika kwa agogoku kunachokera. Zimene ndapeza n'zakuti kunamera pa mabodza enieni, okhala ndi masiku ndi maina.

Polisi ya dziko lino inakhazikitsidwa mu 1921 ndi atsamunda, likulu lake lili ku Zomba. Apa n'kuti patangopita zaka zisanu ndi chimodzi John Chilembwe ataukira boma. Ntchito yake yaikulu inali kuteteza boma kwa anthu ndi kusaka othawa msonkho. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe, ponena kuti anapangana zopha azungu. Komiti ya Devlin, imene boma la Britain linatuma lokha, inapeza kuti chiwembu chachikulu chimene ankanenacho chinalibe umboni wokwanira, ndipo inati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Ufulu unabwera mu 1964, koma khalidwe lotumikira wolamula m'malo mwa wolamulidwa linatsala.

Mu Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Mtundu unauzidwa kuti anafa pangozi ya galimoto akuthawa m'dziko muno. Kwa zaka khumi ndi chimodzi bodzali linali ngati lamulo, ndipo wolitsutsa ankanong'ona ali m'nyumba, chitseko chotseka. Mu 1994 Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha. Komitiyo inapeza kuti anthu anayiwo anagwidwa ndi apolisi, anaphedwa ndi apolisi, kenako mitembo yawo inaikidwa m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi. Dr Kamuzu Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu ku Blantyre, ndipo mu Disembala 1995 bwalo linawapeza osalakwa. Koma nkhani ya ngozi ija inafera pomwepo. Agogo anga anali ndi zaka zosakwana makumi anayi pamene anaimva pa wailesi. Khutu lawo limodzi linatsekeka nthawi imeneyo.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za chipani chimodzi. Inenso ndinkaganiza choncho. Malamulo aakulu a 1994 amati polisi isatumikire chipani, ndipo womangidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Ndondomeko yoti apolisi azigwirira ntchito limodzi ndi anthu m'madera inayamba m'zaka za m'ma 1990. Dzina lenilenilo linasintha, kuchoka pa Malawi Police Force kukhala Malawi Police Service. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa.

M'mawa wa pa 24 Seputembala 2011, pasukulu yathu pomwe pano panapezeka mtembo wa Robert Chasowa, mnyamata wazaka 25 amene ankaphunzira zauinjiniya chaka chachinayi. Ankadziwika podzudzula boma la Bingu wa Mutharika, ndipo n'kuti patangopita miyezi iwiri chichitikire zionetsero za pa 20 Julayi, zimene zinaphetsa anthu 20. Apolisi sanachedwe kulengeza kuti Chasowa wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, ndipo anaonetsa makalata amene anati anasiya. Dr Charles Dzamalala atapima thupi anapeza zina: mabala a m'mutu anali a munthu womenyedwa ndi chinthu cholimba. Mu 2012 komiti imene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa, yotsogoleredwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, inatsimikiza kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Ena anamangidwa, pakati pawo pali apolisi, koma mlandu unangozizira.

Taonani kufanana kwake. Pakati pa Thambani ndi Poly pali zaka 28, maboma osiyana ndi malamulo atsopano. Koma njira ndi imodzi: munthu wosautsa boma wafa, apolisi athamangira kufotokoza imfayo kafukufuku asanathe, ndipo kufotokozako kukupepuza amphamvu. Choona chikudzatuluka boma litasintha. Kwa ine apa m'pamene pagona vuto. Tikamakamba za khalidwe la apolisi timathamangira ziphuphu za pamsewu, za "ya fanta" imene madalaivala a minibasi amadandaula. Nzoipa ndithu. Koma chiphuphu chimaba ndalama za munthu mmodzi, pamene bodza la kupolisi limaba chikhulupiriro cha mtundu wonse, ndipo kuchibweza kumatenga mibadwo.

Amalipira bodzalo ndani? Woyamba ndi wapolisi wamng'ono wa ku Soche kapena ku Limbe, amene sananamepo, koma akafunsa mboni aliyense amati sanaone kanthu. Wachiwiri ndi woganiziridwa kuba amene amaotchedwa ndi gulu, chifukwa anthu sakhulupirira kuti akamupereka kupolisi chilungamo chioneka. Wachitatu ndi ife a ku Manja, amene tsiku lina tidzauzidwa kuti tisamuke msanga phiri likubwera, ndipo ena adzamvera khutu limodzi.

Sindikunena kuti palibe chasintha. Lamulo la polisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale panatenga zaka khumi kuti mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula, asankhidwe. Mu 2020 bwalo lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019, apepesedwe ndi ndalama. Zikusonyeza kuti mawu a munthu wamba angathe kuima pamaso pa yunifolomu. Koma onani kuti choonacho chikuchokerabe kunja: kwa majaji, madokotala ndi maloya.

Pempho langa n'losafuna ndalama za bajeti. Munthu akafa mokayikitsa, makamaka m'chitokosi, mneneri wa apolisi asagamule dokotala asanapime. Kunena kuti "sitinadziwe, tikufufuza" si manyazi. Akalakwitsa, abwerere pa wailesi yomweyo n'kukonza. Ndipo kusukulu za apolisi, ophunzira aziphunzitsidwa za Thambani ndi za Chasowa, maina ndi masiku omwe, kuti adziwe mtengo wa chikalata chabodza asanapatsidwe cholembera.

Anzanga awiri a m'kalasi akufuna kukalowa upolisi akamaliza. Ndimawalimbikitsa, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo polisi ndi yathu tonse. Ndimangowauza kuti tsiku lina bwana angadzawapatse pepala loti awerenge pamaso pa atolankhani. Tsiku limenelo akumbukire kuti kwinakwake kuli mayi amene akudikira kumva mmene mwana wake anafera, ndipo kuli agogo anga ku Manja, amene akumvetsera ndi khutu limene latsala.